Masamba Amene Amazimitsa Moto wa Bayogasi: Mbiri ya Kafukufuku ndi Phunziro kwa Alimi a Mkaka a ku Nguludi

Mlimi wa ng'ombe za mkaka wa ku Nguludi amene wamanga thanki ya bayogasi amakhala ndi masamu oti awerengere tsiku lililonse. Kilogalamu imodzi ya ndowe zaziwisi za ng'ombe imatulutsa mpweya wokwana malita pafupifupi 40. Kuti banja lipeze malita 1,000 pa tsiku, omwe ndi ongokwanira kuphikira maola awiri kapena atatu pa mbaula imodzi, pamafunika ndowe zokwana makilogalamu 25 ndi madzi ochuluka mofanana nazo. Ng'ombe imodzi ya m'khola ikamadya mokwanira imayandikira muyezo umenewu, koma chilimwe chikafika nsenjere imachepa, ndowe nazo zimachepa. Boma la Chiradzulu, lomwe pa kalembera wa 2018 linapezeka ndi anthu oposa 350,000, ndi limodzi mwa maboma othithikana kwambiri m'dziko muno, kotero malo odzalapo msipu wina kapena oikapo ng'ombe yachiwiri ndi osowa.

Zikatero mlimi amayang'ana zimene zili pafupi: masamba a gilirisidiya a m'munda wa chimanga, makoko a chinangwa otsala pokonza makaka, makoko a manachesi a pamsika, ngakhale masamba a bulugamu. Amaganiza kuti chilichonse chimene chimawola chiyenera kutulutsa mpweya. Komatu zomera zina zili ndi mankhwala achilengedwe amene angathe kuchepetsa mpweya kapena kuimitsiratu thanki. Akatswiri anatenga zaka zambiri kuti amvetse zimenezi, ndipo zimene anapeza zikutipatsa lamulo limodzi: chimene chimapha thanki si dzina la chomera lokha, koma kuchuluka kwake ndi liwiro limene chalowera.

Amene amapanga mpweya ndani?

Mu Novembala 1776, Alessandro Volta wa ku Italy anavundula matope a m'bango m'mphepete mwa nyanja ya Maggiore, natolera mpweya umene unkatuluka, napeza kuti umayaka. Mpweya umenewo ndi umene lero timautcha methane. Mu 1868 Antoine Béchamp wa ku France anafotokoza kuti opanga mpweyawo ndi tizilombo tosaoneka ndi maso. Pofika m'zaka za m'ma 1890, mzinda wa Exeter ku England unkayatsa nyali za mumsewu ndi mpweya wochokera ku zonyansa za m'zimbudzi. Matanki a pakhomo odyetsedwa ndowe anafala ku India kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ndipo China inamanga mamiliyoni m'zaka za m'ma 1970. Matanki a njerwa okhala ndi denga lozungulira amene timaona kuno anachokera ku luso la ku China limenelo.

Mu 1958, Paul Smith ndi Robert Hungate a ku America anapatula kachilombo kopanga methane kuchokera m'chifu chachikulu cha ng'ombe. Apa zinaonekeratu kuti thanki ya bayogasi ndi chifu cha ng'ombe ndi pachibale, n'chifukwa chake ndowe zaziwisi ndizo timayambitsira thanki yatsopano. Mu 1977 Carl Woese anasonyeza kuti tizilombo topanga methane si mabakiteriya wamba, koma ndi mtundu wapaderadera wa zamoyo.

M'thanki muli magulu atatu ogwira ntchito molandizana. Gulu loyamba limaphwanya ndowe ndi zinyalala kukhala tizidutswa tosungunuka. Lachiwiri limasandutsa tizidutswato kukhala asidi, wina wake ndi yemwe uja wa mu viniga. Lachitatu limadya asidiyo n'kutulutsa methane. Opanga asidi amaswana m'maola ochepa ndipo ndi opirira, pamene odya asidi amatenga masiku angapo kuti aswane ndipo sachedwa kufooka. Amafuna pH ya pakati pa 6.8 ndi 7.4. China chake chikawafooketsa, asidi amaunjikana, pH imatsika, ndipo kutsikako kumawafooketsanso kwambiri. Pamenepo thanki yasasa. Mpweya wabwino umakhala ndi methane wokwana magawo 50 mpaka 70 pa 100 alionse, koma wa m'thanki yosasa umachuluka carbon dioxide, ndipo ungathe kutuluka pa mbaula koma osayaka.

Lamulo la muyezo, 1964

Amene anayamba kulongosola bwino za ziphe za m'thanki ndi Perry McCarty wa pa yunivesite ya Stanford ku America. Mu 1964 analemba nkhani zinayi zophunzitsa oyang'anira matanki a zonyansa za m'mizinda, ndipo yachitatu inali ya zinthu zimene zimalepheretsa tizilombo kugwira ntchito. Iye ankanena kwambiri za mchere, amoniya, sulfide ndi zitsulo, osati masamba, koma mfundo zake zikugwirabe ntchito. Anasonyeza kuti chinthu chimodzimodzi chingathandize tizilombo chikakhala chochepa, n'kutipha chikachuluka. Anasonyezanso kuti tizilombo timatha kuzolowera chiphe chimene chalowa pang'onopang'ono, pamene muyezo womwewo ukalowa kamodzin'kamodzi umaimitsa thanki. Njira zothana ndi vutoli anazitchula momveka: kuchotsa chiphecho chisanalowe, kuchisungunula ndi zinthu zina kuti chichepe mphamvu, kapena kuchimanga kuti chisafike kwa tizilombo.

Makungwa ndi tannin

Chomera sichingathawe mbuzi, mbozi kapena nkhungu. Chimadziteteza ndi mankhwala amene chimapanga chokha, owawa, onunkha kapena opha tizilombo. Anthu anayamba kalekale kugwiritsa ntchito mankhwala amenewa asanadziwe maina ake. Makungwa a mitengo ina akhala akufufutira zikopa kuti zisawole, ndipo mankhwala amene amachita zimenezi ndi tannin. Ndi yemweyo amene amamanga m'kamwa mukaluma nthochi yosapsa kapena mukamwa tiyi wofulula kwambiri. Minda ikuluikulu ya mtengo wa wattle ku Natal, ku Njombe m'dziko la Tanzania ndi kumapiri a kum'mawa kwa Zimbabwe inadzalidwa pofuna tannin wa m'makungwa ake.

Tannin amagwira puloteni n'kuimanga. Chikopa chofufutidwa sichiwola chifukwa tizilombo sititha kudya puloteni yomangidwa chotero. Kuti zimenezi n'zoopsa m'thanki zinaonekera ku Netherlands. M'zaka za m'ma 1970, Gatze Lettinga wa ku Wageningen anapanga thanki yamakono yoyeretsera madzi oipa a m'mafakitale, ndipo inagwira bwino pa madzi ochokera ku fakitale za shuga ndi mbatatesi. Koma madzi a m'fakitale za mapepala, makamaka otsukira makungwa a mitengo, ankafooketsa tizilombo. Ophunzira ake awiri anafufuza chifukwa chake. Kuyambira 1987, Jim Field anasonyeza kuti tannin amaletsa tizilombo topanga methane. Mu 1990 Reyes Sierra-Alvarez anasonyeza kuti utomoni wa mitengo monga paini umachita chimodzimodzi.

Field anapezanso chinthu china chothandiza. Tannin woopsa kwambiri ndi wa timagulu tating'ono, totha kufika pa tizilombo. Tannin akakhudzana ndi mpweya wa panja amalumikizana kukhala magulu akuluakulu a mtundu woderapo, ndipo ukali wake umachepa. Choncho madzi a makungwa amene anayamba apitidwa mphepo sankavutanso kwambiri m'thanki.

Fungo lokoma la lalanje

Mafakitale ofinya malalanje amataya pafupifupi theka la kulemera kwa chipatso ngati makoko ndi zotsalira. Makokowa ali ndi shuga wambiri, ndiye pongowaona ndi chakudya chabwino cha thanki. Koma amene anayesa anapeza kuti thanki imayamba bwino kenako n'kuima. Mu 1990 Mizuki ndi anzake ku Japan, poyesa makoko a manachesi a kwawoko, anasonyeza kuti vuto ndi mafuta a m'khungu, aja amawaza m'maso mukamasenda. Pafupifupi magawo 90 pa 100 a mafuta a lalanje ndi limonene, amene amalowa m'khungu la tizilombo n'kulibowola. Apa mavuto amakhala awiri pamodzi: shuga amachulukitsa asidi mofulumira, pomwe mafutawo akufooketsa odya asidi.

Ku Yogyakarta m'dziko la Indonesia anamanga thanki pa msika waukulu wa zipatso, ndipo akatswiri a mayunivesite a Gadjah Mada ndi Borås ya ku Sweden anapeza kuti mankhwala opatsa zipatso fungo ndiwo ankachepetsa mpweya. Njira zimene zinathandiza m'kafukufuku wosiyanasiyana ndi zomwe zija za McCarty: kuchotsa mafuta ndi nthunzi kapena mphepo makoko asanalowe, ndi kuwasakaniza pang'ono ndi ndowe zambiri. Kuno kwathu, nyengo ya manachesi a ku Mwanza ndi Neno imagwa m'miyezi yozizira, nthawi imene thanki imakhala kale yofooka. Bulugamu, amene ali ponseponse m'mapiri a Shire, ali m'gulu lomweli. Masamba ake ali ndi mafuta onunkhira opha tizilombo, otchedwa cineole, komanso tannin.

Chinangwa chowawa

Chinangwa chili ndi linamarin, mankhwala amene amatulutsa cyanide chinangwacho chikasendedwa, kusinjidwa kapena kuviikidwa. Makoko ali ndi mankhwalawa ochuluka kuposa mnofu, ndipo chinangwa chowawa chimaposa chozuna. Tizilombo topanga methane timadalira timichere ta zitsulo monga nickel, cobalt ndi ayironi pa ntchito yake, ndipo cyanide amagwira zitsulo zimenezi n'kuimitsa ntchitoyo.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, akatswiri a bungwe la ORSTOM la ku France anayesa makoko a chinangwa m'thanki ku Congo Brazzaville, ndipo anapeza kuti thanki yozolowera imawagaya n'kuchepetsa cyanide. Mu 2000, Huub Gijzen ndi anzake, pofufuza vuto la madzi oipa a m'fakitale za sitachi wa chinangwa ku Colombia, anasonyeza kuti cyanide akalowa mwadzidzidzi mpweya umatsika, koma akamawonjezedwa pang'onopang'ono tizilombo timazolowera mpaka kumamuphwanya. Amayi amene amaviika chinangwa kapena kuyanika makaka amadziwa kale mbali ina ya nkhaniyi. Cyanide amauluka pa kutentha kwa madigiri 26 okha, kotero makoko oyanikidwa padzuwa amataya chiphe chambiri. Madzi oviikira chinangwa chowawa ndiwo amatsala ndi chiphecho.

Mitengo ya m'minda mwathu

Ulimi wa ng'ombe za mkaka wa alimi ang'onoang'ono m'maboma a Blantyre, Chiradzulu ndi Thyolo unayamba kukhazikika m'zaka za m'ma 1970. Popeza malo ndi ochepa, ng'ombe zimadyera m'khola, ndipo alangizi akhala akulimbikitsa mitengo ya masamba a puloteni yambiri kuti ithandizane ndi nsenjere ndi madeya. Mtengo uliwonse mwa imeneyi uli ndi mbiri yake ya mankhwala.

Lukina ndiye anayamba kufala, ndipo m'zaka za m'ma 1970 ankadyetsera ng'ombe zonenepetsa m'makola. Ali ndi mimosine, amene akachuluka amathothola ubweya wa ziweto ndi kutupitsa chithokomiro. Raymond Jones wa ku Australia anaona kuti mbuzi za ku Hawaii zimadya lukina wambiri osadwala, pamene ziweto za kwawo zinkadwala. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 anatenga tizilombo ta m'chifu cha mbuzi za ku Hawaii n'kutiika m'ziweto za ku Australia, ndipo vuto linatha. Kachilomboko kanapatsidwa dzina loti Synergistes jonesii mu 1992. Tingaphunzirepo kuti kupirira kwa chifu, ngakhalenso kwa thanki, kumadalira tizilombo timene tilimo.

Jelejele ali ndi saponin, mankhwala ochita thovu ngati sopo. M'zaka za m'ma 1990, akatswiri a Rowett Institute ku Scotland anapeza kuti masamba ake amapha tizilombo tina ta m'chifu cha nkhosa timene timakhalira limodzi ndi topanga methane. Koma atayesa pa nkhosa za ku Ethiopia, mphamvuyo sinaoneke chimodzimodzi, chifukwa tizilombo ta m'chifu mwake tinkaphwanya saponin msanga. Kaliyandira, amene anatchuka ku Embu m'dziko la Kenya kumene anapeza kuti makilogalamu atatu a masamba aawisi amafanana ndi kilogalamu imodzi ya chakudya cha ng'ombe chogula, ali ndi tannin wambiri kuposa mitengo inzake.

Gilirisidiya anafala m'chigawo cha Kummwera kudzera m'kafukufuku wa bungwe la ICRAF ku Makoka, m'boma la Zomba, kumene anayamba kumulima pamodzi ndi chimanga kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Tannin alibe wambiri, koma masamba ake ali ndi coumarin, amene amathandizira fungo lija limene ng'ombe zosazolowera zimakana. Dzina lakelo m'Chilatini limatanthauza chopha mbewa. Mu 2015 ndi 2017, Denny Popp, Heike Sträuber ndi anzawo a ku Leipzig m'dziko la Germany anafalitsa zimene anapeza pa coumarin. Coumarin anachepetsa mpweya ndipo asidi anaunjikana. Amene anavutika kwambiri anali mabakiteriya a pakati, amene amaphwanya asidi n'kupatsira opanga methane. Patapita nthawi thanki inachira yokha, chifukwa tizilombo totha kudya coumarin tinachuluka.

Chiphe chisanduka mankhwala

Mu 2006 bungwe la FAO linatulutsa lipoti lotchedwa Livestock's Long Shadow, lomwe linati ziweto zimathandizira magawo 18 pa 100 a mpweya wotenthetsa dziko, ndipo gawo lina ndi methane amene ng'ombe zimageya. Kuchokera pamenepo akatswiri a ziweto anayamba kusakasaka dala zomera zoletsa methane. Mndandanda wawo unafanana ndi uja wa adani a thanki: tannin, saponin, mafuta onunkhira ndi adyo. Mu 2008 akatswiri a CIAT ku Colombia ndi ETH Zurich ya ku Switzerland anasonyeza kuti nkhosa zodya kaliyandira zimatulutsa methane wochepa, ngakhale kuti zina mwa zifukwa zake n'zakuti chakudyacho sichigayika mokwanira.

Mlangizi ayenera kusiyanitsa bwino mauthenga awiriwa pamaso pa mlimi. M'chifu cha ng'ombe, methane ndi chakudya chotayika, ndiye kumuchepetsa ndi phindu. M'thanki, methane ndiye zokolola. Mtengo womwewo umene timauyamikira m'khola ungakhale wovuta ukathiridwa wauwisi ndi wochuluka m'thanki.

Zoyenera kuchita

Matanki ambiri amene anamangidwa m'chigawo cha Kummwera anasiya kugwira ntchito. Kafukufuku amene akatswiri a ETH Zurich ndi anzawo a kuno anachita m'chigawochi analoza kwambiri ku kuchepa kwa ndowe ndi madzi, kusakonza zowonongeka ndi kusaphunzitsidwa mokwanira kwa eni ake. Choncho mpweya ukachepa, yambani mwaona zinthu zodziwika: paipi yodontha mpweya, madzi otsekereza m'paipi, kuzizira kwa chiperoni mu Juni ndi Julayi, komanso sopo, dipi kapena ndowe za ng'ombe imene ikulandira mankhwala opha mabakiteriya. Zimenezi zikakhala bwino, funsani mlimi chimene wathira chachilendo m'masabata awiri kapena atatu apitawo. Zizindikiro za thanki yosasa ndi fungo lowawasa potulukira manyowa, mpweya wokana kuyaka, ndi pH yotsika pansi pa 6.5 mukayeza ndi kapepala koyezera.

Pa zomera, malangizo ndi awa:

1. Masamba a lukina, kaliyandira, jelejele ndi gilirisidiya adyetseni ng'ombe, kapena akwirireni m'munda. Thanki ilandire ndowe. Ng'ombe imatafuna ndi kugaya, ndipo mlimi amapindula kawiri, mkaka ndi mpweya.

2. Makoko a malalanje, mandimu ndi manachesi, masamba a bulugamu, utuchi ndi makungwa zipite ku kompositi. Chimodzimodzinso zomera zimene timapangira mankhwala ophera tizilombo, monga nimu ndi mthuthu.

3. Makoko a chinangwa ayambe ayanikidwa padzuwa ndi kusinjidwa. Madzi oviikira chinangwa chowawa asagwiritsidwe ntchito posungunulira ndowe.

4. Chakudya chilichonse chatsopano chiyambe ndi kachigawo kakang'ono, monga muyezo umodzi pa miyezo khumi ya ndowe, chodulidwa bwinobwino, ndipo chizithiridwa mofanana tsiku lililonse. Dikirani masabata angapo musanawonjezere. Masamba osadula amayandama n'kuumbana pamwamba, kutsekereza mpweya.

5. Thanki ikasasa, siyani kuthira chatsopanocho ndipo ipumitseni masiku angapo. Kenako thirani manyowa a madzi ochokera m'thanki ya mlimi wina imene ikugwira bwino, n'kuyambanso ndi ndowe zokhazokha pang'onopang'ono. Madzi a laimu amathandiza kukweza pH, koma azithiridwa pang'ono uku mukuyeza. Musakape thanki yonse msanga, popeza mukatero mwataya tizilombo timene tinayamba kuzolowera.

Alimi otsogolera angathe kuonetsa anzawo zimenezi pa munda wachitsanzo. Tengani mabotolo atatu ofanana apulasitiki, muthiremo manyowa a m'thanki yogwira bwino ndi ndowe zofanana, kusiya malo pamwamba. M'botolo lachiwiri onjezeranimo makoko aawisi a lalanje ochepa, m'lachitatu ochuluka. Mangani chibaluni pakamwa pa lililonse, muwaike pofunda kutali ndi moto, ndipo muzilemba zimene mukuona kwa mwezi umodzi. Kufufuma kwa masiku oyambirira kusakunyengeni, chifukwa kumakhala carbon dioxide wa opanga asidi. Yerekezani mabotolowo m'sabata yachitatu ndi yachinayi, muyezenso pH ya lililonse pomaliza.

Kuchokera kwa McCarty mu 1964 mpaka ku Leipzig mu 2017, amene anayesa tannin, limonene, cyanide ndi coumarin anapeza zofanana: muyezo waukulu wolowa mwadzidzidzi umaimitsa thanki, pamene wochepa wolowa mwandondomeko nthawi zambiri tizilombo timauzolowera. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mlimi wa ku Nguludi amene akufuna kuwonjezera mpweya m'chilimwe ayambire m'khola, posunga msipu wokwanira ndi kutolera ndowe zonse tsiku lililonse. Zina zonse zilowe m'thanki pang'onopang'ono, ndipo zilembedwe m'kope, kuti moto ukasintha adziwe chimene chasintha.